Anawathamangitsa ndani opemphapempha m'masewero a lupanga a ku China?

Pali dandaulo limene likumabwerabwera pakati pa anthu oonera masewero a pa kanema ku China, makamaka pa masamba a mchezo monga Weibo ndi Douban. Likangotuluka sewero latsopano la anthu ovala mikanjo youluzika, oyenda mlengalenga atakwera malupanga, ena amaomba m'manja pomwe ena amagwira mutu n'kunena kuti milungu ilimo yosawerengeka koma ngwazi mulibe. Dandauloli lili m'maina enieniwo a masewerowa. Akale aja amawatchula kuti wuxia, ndipo atsopanowa, amene anthu ake ndi milungu ndi mizimu, amawatchula kuti xianxia. Maina onse awiri akuthera ndi liwu lakuti xia, kutanthauza munthu wolimba mtima amene amaika moyo wake pachiswe pofuna kuteteza wina wopanda mphamvu. Odandaulawo akuti liwulo latsala m'dzina mokha. Ine ndili kumbali yawo, ndipo ndikufuna kupitirira pamene iwo alekezera: chimene chasowa m'masewero atsopanowa ndi munthu wamba. Kale ngwazi inkadziwika ndi zimene yasankha kuchita, lero ikudziwika ndi mimba imene inabadwamo, ndipo kusintha kumeneku sikochepa mpang'ono pomwe.

Mkanganowu unandipeza m'nyumba mwanga momwe. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe akuyembekezera zotsatira za mayeso a fomu 4, anatha masabata awiri maso ali pa foni, akuonera Eternal Love, sewero la 2017 la magawo 58. Mabando a intaneti ankagula ndani, musandifunse. Ine ndinakulira m'mavidiyo sho a nsungwi ndi masaka, momwe tinkalipira makobidi kuti tikaone mnyamata wosauka akutunga madzi kwa mkulu wina wa ndevu zoyera mpaka ataphunzira nkhonya zokabwezera imfa ya bambo ake. Ndiye nditakhala naye pampando madzulo angapo, ndinamufunsa kuti kodi anthu olima, ogulitsa pamsika ndi otunga madzi ali kuti m'dziko limeneli. Anandiyankha osandiyang'ana n'komwe: "Amalume, inu mumangofuna anthu azimenyana basi." Sanalondole, koma sindinamuimbe mlandu, chifukwa ambiri amaganiza choncho akamva munthu wachikulire akulira masewero akale. Nkhonya sindizo ndikulira ayi.

Tiyambe ndi kumene liwu lija linachokera, popeza kutsutsa galu n'kukumba. Cha m'ma 100 Yesu asanabadwe, wolemba mbiri Sima Qian anapatula mutu wathunthu m'buku lake kuti alembe za anthu otchedwa youxia, ngwazi zoyendayenda. Anavomereza kuti zochita zawo sizinkagwirizana nthawi zonse ndi malamulo, koma anawatama kuti akalonjeza ankachitadi, ankathamangira kumene mnzawo ali pamoto osawerengera moyo wawo, ndipo akapulumutsa munthu sankadzitama. Zaka zoposa 100 iye asanalembe zimenezi, katswiri wa malamulo Han Fei anali atawaika anthu omwewa m'gulu la tizilombo towononga dziko, ati chifukwa amaswa malamulo a mfumu podalira zida. Onse awiri ankaona chinthu chimodzi: xia ndi munthu amene amatulukira pamene bwalo la milandu lagona tulo. Dziko limene anthu oterewa amakhalamo limatchedwa jianghu, kutanthauza mitsinje ndi nyanja, ndipo ndi dziko la m'misewu, m'nyumba zogona alendo, pamadoko ndi m'misika, kutali ndi nyumba ya mfumu. Mukachotsamo anthu oponderezedwa m'nkhani yotere, ngwaziyo yatsala yopanda ntchito.

Amene anaumba wuxia monga tikuidziwira lero ndi Jin Yong, mtolankhani wa ku Hong Kong amene anabadwa mu 1924 n'kumwalira mu 2018. Nkhani zake ankazitulutsa pang'onopang'ono m'manyuzipepala kuyambira 1955 mpaka 1972, ndipo akanema a ku Hong Kong, Taiwan ndi ku China akhala akuzisandutsa masewero mobwerezabwereza. M'nkhani zakezo, gulu lalikulu kwambiri la akatswiri a nkhonya ndi la opemphapempha. Taganizani zimenezo. Udindo m'gululi umadziwika ndi kuchuluka kwa matumba amene munthu wanyamula kumsana, ndipo akuluakulu ake amanyamula 9. Chizindikiro cha mtsogoleri ndi ndodo yopirikitsira agalu, popeza mdani woyamba wa wopemphapempha ndi galu wa pakhomo la munthu wolemera. Ndipo tsiku lolonga mtsogoleri watsopano, mamembala amamulavulira malovu mmodzimmodzi, kuti adziwe kuti amene akuwatsogolerawo ndi anthu amene dziko lonse limawanyoza. Mu The Legend of the Condor Heroes, imene kanema wa TVB wa ku Hong Kong anaisewera mu 1983 n'kutchuka zedi, mtsogoleri wa gululi ndi Hong Qigong, nkhalamba yokonda kudya imene inadzidula chala chifukwa tsiku lina dyera linaichedwetsa, munthu wabwino n'kufa. Mtsikana wochenjera Huang Rong amamukola ndi nkhuku yomata dothi yowotcha pamoto, kuti aphunzitse nkhonya bwenzi lake Guo Jing, mnyamata wa mutu wouma amene anakulira m'chipululu pakati pa a Mongol, mayi ake ali wamasiye woweta ziweto. Guo Jing ameneyu amadzathera moyo wake akuteteza mzinda wa Xiangyang, umene m'mbiri yeniyeni unagwa m'manja mwa a Mongol mu 1273, ndipo mawu ake otchuka ndi akuti ngwazi yaikulu ndi imene imatumikira dziko ndi anthu ake.

Tsono tiike pambali pake sewero lija la mwana wa mchemwali wanga. Mwini nkhani ndi Bai Qian, mfumukazi ya mtundu wa nkhandwe, wa zaka 140,000, ndipo bwenzi lake Ye Hua ndi kalonga woyembekezera mpando wa kumwamba. Pakati pa nkhaniyi Bai Qian amaiwala kuti ndi ndani, n'kusanduka munthu wamba dzina lake Su Su. Akamutengera kumwamba amamunyoza, amamunamizira mlandu, mpaka amamukolowola maso kuti apatse mkazi wina wa m'nyumba yachifumu, ndipo iye amadziponya kuphompho. Gawo limeneli n'lopweteka ndithu, ine ndemwe ndinakhala chete. Koma onani mmene chilungamo chimabwerera. Sichibwera chifukwa wina wazindikira kuti kukolowola maso a munthu wosauka n'kulakwa. Chimabwera chifukwa wosauka uja wapezeka kuti anali mlungu wamkazi wolemekezeka, amene ngakhale akuluakulu a kumwamba amamuweramira, ndipo amapita kukalanda maso ake ndi mphamvu ya udindo wake. Phunziro lake ndi lakuti musamazunze wantchito, mwina n'kutheka kuti ndi mwana wa bwana. Ndipo si sewero limodzi lokha. Mu Ashes of Love ya 2018, mtsikana amene amadziyesa kamzimu ka mphesa amapezeka kuti ndi mwana wa mlungu wa maluwa ndi mlungu wa madzi. Mu Love Between Fairy and Devil ya 2022, kaduwa konyozeka kamapezeka kuti ndi mlungu wamkazi wa mtundu wopatulika. M'masewero amenewa moyo wa padziko lapansi ndi chilango, kapena mayeso amene mlungu amatsikira kudzalemba kwa kanthawi, ndipo anthu a padziko amatchulidwa ndi pakamwa pokha, makamaka pamene mwamuna akulumbira kuti alola onsewo atheretu bola wokondedwa wake apulumuke.

Otsutsa oyamba amati zonsezi ndi nthano chabe, zopumulira munthu akaweruka kuntchito, ndipo kufunafuna alimi m'nkhani ya milungu kuli ngati kufunsa kuti kalulu anaphunzira kuti kulankhula. Mfundoyi ili ndi pogwira. Palibe amene amaonera anthu ouluka kuti aphunzire mbiri ya China, ndipo munthu amene wagwira ntchito kuyambira 9 koloko mmawa mpaka 9 koloko usiku masiku 6 pa sabata, zimene ku China amazitchula kuti 996, ali ndi ufulu wothawira kumwamba kwa maola awiri. Komabe nthano ya kalulu yomweyo ndi imene ikuwagwetsa. Agogo athu sankasankha kalulu mwangozi. Ankasankha kanyama kopanda nyanga ndi zikhadabo kuti mwana adziwe kuti wamng'ono akhoza kugonjetsa njovu ndi nzeru. Mukasintha nthanoyo kuti kalulu anapambana chifukwa anali mwana wa mkango amene anatayika ali wakhanda, mwaphunzitsa chinthu china, ngakhale nthanoyo ikhale yokoma chotani. Ndipo chinthu chinacho chikugwera panthaka yokonzeka kale. Kuyambira 1958 ku China kuli kaundula wotchedwa hukou, amene amamangirira sukulu ndi chithandizo cha kuchipatala ku dera limene banja linalembetsedwa. Anthu pafupifupi 300 miliyoni ochokera kumidzi amagwira ntchito kunja kwa ulimi, ambiri m'mizinda imene siwawerenga ngati eni ake, ndipo ana awo ambiri amayenera kubwerera kwawo kukalemba mayeso olowera ku yunivesite. Mu 2010 mnyamata wina ataledzera anagunda ophunzira awiri ndi galimoto pa yunivesite ya Hebei, mmodzi n'kumwalira, ndipo atamugwira anakuwa kuti bambo ake ndi Li Gang, amene anali wachiwiri kwa mkulu wa apolisi m'deralo. Mawuwo anasanduka mwambi m'dziko lonse. Achinyamata a kumeneko ali ndi nthabwala yowawa yakuti kusankha mimba yobadwiramo ndi luso. Sewero limene limati wonyozedwa amapulumuka pokhapokha akapezeka kuti ndi wa magazi apamwamba likubwereza nthabwala imeneyi, koma litachotsamo kuwawa kwake.

Otsutsa achiwiri ndi amene amandivuta kwambiri, ndipo mwana wa mchemwali wanga ali m'gulu lawo. Iwo amati masewero akale aja anali a amuna, olembedwa ndi amuna, ndipo akazi ankangokhalamo ngati maluwa a patebulo. Atsopanowa ambiri achokera m'mabuku olembedwa ndi akazi pa intaneti, pa masamba monga Jinjiang, ndipo kwa nthawi yoyamba mkazi ndiye mwini nkhani, ali ndi mphamvu zake, ufumu wake, ndipo amasankha yekha mwamuna. Ndiye amati munthu wonga ine, polira zakale, ndikungolira kuti mpando wachoka kwa amuna. Ndivomereze zambiri apa. N'zoona kuti kwa Jin Yong atsikana anayi kapena asanu amazungulira mnyamata mmodzi ngati njuchi paduwa. N'zoona kuti Wei Xiaobao, mwini nkhani yake yotsiriza yaitali, amathera ndi akazi 7 ndipo nkhaniyo imaseka nawo. N'zoonanso kuti akazi ambiri oipa m'nkhani zimenezo anaipa chifukwa mwamuna anawakana, ngati kuti mkazi alibe chifukwa china chopsera mtima. Kusintha kumene kwabwera n'kwabwino ndipo sindikufuna kubwerere. Koma funso langa ndi lakuti, ndi mkazi uti amene wapatsidwa mpando? Ndi mfumukazi. Mdzakazi wothira tiyi akugwadabe, akumenyedwabe mbama, ndipo akafa nkhani siimira n'komwe. Huang Rong uja, ngakhale anali mwana wa mwini chilumba, tinayamba kumuona atadzipaka makala ngati kamnyamata kopemphapempha, akuba chakudya pamsika, ndipo pambuyo pake analongedwa utsogoleri wa opemphapempha. Kukweza akazi sikunafunikire kuthamangitsa osauka. Wolemba akhoza kutipatsa mkazi wamphamvu amene mayi ake amagulitsa ndiwo pamsika, ndipo akhalebe mwana wa wogulitsa ndiwo mpaka gawo lotsiriza.

Ena amabwera ndi mfundo ziwiri pamodzi. Amati Jin Yong nayenso ankakonda zinsinsi za kubadwa, komanso ankajambula mitundu ina ya anthu moipa. Pa yachiwiriyi sindikana. Ku China anthu 91 mwa 100 alionse ndi a mtundu wa Han, ndipo mitundu ina 55 imagawana otsalawo. M'nkhani zakale katswiri wa ziphe amachokera kumadzulo kwakutali, akazi a mtundu wa Miao amabwera ndi njoka ndi zinkhanira, ndipo ansembe ochokera ku Tibet kawirikawiri amakhala adani. Ife amene timadziwa mmene mtundu wina umanenedwera kuti ndi wa mankhwala, wina wa ndeu, sitifunika kutiuza kuipa kwake. Koma pa zinsinsi za kubadwa, onani chimene chinsinsicho chimachita kwa munthu. Qiao Feng, mu Demi-Gods and Semi-Devils, ndi mtsogoleri wokondedwa wa opemphapempha, amene wakhala akumenyana moyo wake wonse ndi a Khitan, mtundu wa kumpoto umene unali pa udani ndi ufumu wa Song wa ku China. Tsiku lina pamsonkhano wa gulu atulutsa kalata yoonetsa kuti iye mwini ndi wa mtundu wa Khitan. Tsiku lomwelo atula pansi ndodo ija, ndipo amene ankamutchula mkulu wawo ayamba kumutchula galu. Kenako kumalire aona asilikali a ufumu wa Song akuzunza amayi ndi ana a Khitan monga momwe a Khitan ankachitira ndi a Song, ndipo aona pachifuwa cha nkhalamba ina yophedwa chithunzi cha mutu wa mmbulu chofanana ndi chimene chili pachifuwa pake. Pomaliza amakakamiza mfumu ya a Khitan kulumbira kuti sidzaukira Song, kenako amadzibaya ndi muvi chifukwa palibe mbali imene ingamulandire. Magazi ake sanamukweze, anamulanda zonse, ndipo nkhaniyo imasiya woonera akudzifunsa ngati mtundu wake ulidi wabwino kuposa wa mnzake. Nanga Wei Xiaobao uja? Ndi mwana wa mayi woyendayenda wa ku Yangzhou, ndipo kumapeto akafunsa mayi ake kuti bambo ake ndani, mayiwo amati alendo awo analipo a Han, a Manchu, a Mongol, a Hui ngakhale wa ku Tibet. Nkhani imathera pomwepo, popanda mlungu wotsika kumwamba kudzati mwanayu ndi wanga.

Mfundo yachinayi ndi ya boma, ndipo ndi yolemera. Amati olemba sanathawire kumwamba mwakufuna kwawo. Ngwazi imene imadzitengera chilungamo m'manja chifukwa woweruza walandira chiphuphu si munthu amene boma lililonse limamukonda, ndipo ku China mantha amenewa ndi akale. Filimu ya The Burning of the Red Lotus Temple, imene inayamba kutuluka mu 1928, inatchuka mpaka boma la chipani cha Kuomintang, chimene chinkalamula China nthawiyo, linaletsa mafilimu a mtundu umenewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Mabuku a Jin Yong sankaloledwa ku China kwa zaka zambiri, mpaka zinthu zinayamba kufewa cha m'nthawi imene iye anakumana ndi mtsogoleri wa dzikolo, Deng Xiaoping, mu 1981. Lero sewero lililonse limadutsa m'manja mwa bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi makanema, lomwe mu September 2021 linalamula kuti amuna ooneka ngati akazi asamaonetsedwe pa kanema. Sewero lotchuka la The Untamed la 2019 linachokera m'buku la amuna awiri okondana, ndipo pa kanema anawasandutsa mabwenzi a pamtima. Munthu woika ndalama zake m'sewero la magawo 40 safuna kudzuka mmawa n'kupeza kuti alichotsa. Kumwamba kulibe bwanamkubwa woti wina angamufanizire ndi bwanamkubwa weniweni. Zonsezi ndikuzimva. Koma kumwamba kwa nthano za ku China sikunakhalepo malo opanda ndale. Ndi boma lathunthu, lokhala ndi maofesi, maudindo ndi makalata. Sun Wukong, nyani wa m'buku lakale la Journey to the West amene mwana aliyense wa ku China amamudziwa kudzera m'sewero la 1986 la kanema wa boma wa CCTV, anaphwanya kumwamba atazindikira kuti udindo umene anamupatsa unali wosamalira khola la mahatchi. Ndipo umboni waposachedwa ndi Ne Zha 2, filimu ya makatuni ya 2025. M'menemo milungu yovala zoyera mbee imagwira tizilombo tosalakwa, tina tikungodya phala lawo, n'kutiponya mumphika waukulu kuti tisanduke mankhwala owonjezera mphamvu za akuluakulu. Muli kambuku wachibwibwi, Shen Gongbao, amene wakhala akulimbikira zaka zambiri kuti alandiridwe pakati pa milungu koma amamukumbutsabe kuti ndi chilombo, ndipo oonera ambiri anamufanizira ndi mwana wa kumudzi amene amakhoza mayeso onse koma osafika pamwamba. Filimu imeneyi inadutsa m'manja mwa boma lomwelo. Choncho khomo lilipo, kungoti si onse akufuna kulowerapo.

Filimu yomweyi ikuyankhanso amene amati nkhani za osauka sizigulika. Inapeza ndalama zoposa madola 2 biliyoni a ku America, kuposa filimu ina iliyonse ya makatuni m'mbiri. Vuto la malonda lilipodi, koma lili pena. Makampani oonetsa masewero pa intaneti monga Tencent, iQiyi ndi Youku amamanga sewero mozungulira nkhope ziwiri zotchuka zimene zili ndi otsatira mamiliyoni, ndipo nkhope yotereyi siingapakidwe matope kapena kulavuliridwa. Malipiro a akatswiriwa anakwera mpaka mu 2018 boma linalamula kuti osewera onse pamodzi asamatenge zoposa 40 peresenti ya ndalama zopangira sewero. Ku Hengdian, m'chigawo cha Zhejiang, kumene akhala akumanga malo ojambulirako masewero kuyambira 1996, kuphatikizapo nyumba zachifumu, kuli khwimbi la achinyamata ochokera kumidzi amene amadikira kuitanidwa kuti akakhale asilikali, adzakazi kapena mitembo. Munthu wamba alimo ndithu m'masewerowa, wagona chafufumimba pabwalo la nkhondo kudikira kuti kamera idutse.

Kuti ndisaoneke ngati ndikutola zokhazo zondikomera, ndinene za The Untamed yomwe ija, chifukwa ndi imene inandigwedeza. Mwini nkhani, Wei Wuxian, ndi mwana wa wantchito, ndipo pa maphwando a mabanja akuluakulu salephera kumukumbutsa. Nkhondo itatha, mabanja opambana amasonkhanitsa otsala a banja logonja la Wen n'kumawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Si asilikali ayi, ndi nkhalamba, agogo aakazi ndi kamwana kamodzi. Wei Wuxian amawatulutsa usiku mvula ikugwa, n'kukakhala nawo paphiri la manda, akulima timbewu m'nthaka yoipa n'kumakagulitsa pamsika, ndipo chifukwa cha zimenezi dziko lonse la anthu olemekezeka limamutchula mfiti. Ameneyo ndiye xia amene Sima Qian akanamuzindikira, ndipo seweroli linatchuka mpaka kunja kwa China. Komabe ngakhale muno muli kanthu kondikhumudwitsa. Woipa wamkulu, Jin Guangyao, ndi mwana wa mayi woyendayenda amene anakankhidwa pa masitepe tsiku limene anapita kukadziwonetsa kwa bambo ake olemera. Woipa wina, Xue Yang, anali mwana wa mumsewu amene ngolo inamuphwanya chala. Seweroli limawamvera chisoni, inde, koma dongosolo lake ndi lomwe lija limene limapezekanso mu Ashes of Love, momwe mwana wa kunja kwa banja wa mfumu ya kumwamba ndiye amasanduka mdani: wobadwira pansi akafuna kukwera ndi mphamvu zake, ameneyo ndiye woopsa.

Wina angafunse kuti ife zikutikhudza pati. Zikutikhudza chifukwa tikuonera. Kuchokera pamene Malawi anakhazikitsa ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007, anthu a ku China amene timakumana nawo ndi omanga misewu ndi nyumba, ogulitsa m'mashopu, anthu otuwa ndi fumbi ngati ife tomwe, ambiri ochokera m'madera osauka a dziko lawo. Koma China imene ikulowa m'mafoni a ana athu, ndi imene anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa akuithira nthabwala m'mavidiyo sho, ikunka ikusanduka ya anthu a khungu losalala ngati dzira, osatuluka thukuta, osadziwa mtengo wa mpunga. Chikomekome cha mkuyu. Matenda ake timawadziwanso kuchokera m'mafilimu a ku Nigeria, momwe mtsikana wotunga madzi amayamba kulemekezedwa pokhapokha kalonga akamukwatira kapena zikadziwika kuti ndi mwana wa mfumu. Sindikunena kuti masewerowa aletsedwe, ndipo amene amaletsa masewero ndawatchula kale kuti ndi gawo la vutoli. Ndikunena kuti oonera a ku China amene akufunsa kuti ngwazi zinapita kuti akufunsa funso loyenera, ndipo amene akuwayankha kuti ndi ukalamba chabe sanamvetse funsolo.

Mwana wa mchemwali wanga sanagonje, ndipo sindinayembekezere kuti agonja. Akuti Bai Qian anavutika mokwanira, maso anali ake, ndipo zoti anali mfumukazi kapena ayi iye alibe nazo ntchito. Koma za malovu zija sanakhulupirire, anati ndikupeka. Ndinafufuza gawo lake la sewero la 1983 lija, zithunzi zake zosaoneka bwino, miyala yake yooneka kuti ndi ya makatoni. Anaseka tsitsi la osewera, anaseka nyimbo, kenako anakhala chete pamene opemphapempha anayamba kufola pamaso pa mtsogoleri wawo watsopano. Anati: "Amalume, ndiye akungoima osapukuta?" Ndinati aonere yekha. Foni sanandibwezere mpaka batire inatha.